Intaneti ya pa loji ina ku Mangochi: mapaketi otayika pamzere ndi otayika m'kebulo

Foni inalira Lolemba m'mawa, tchuthi cha Tsiku la Anakubala chitangodutsa. Aliyense wogwira ntchito m'mbali mwa nyanja kuno akudziwa mmene pa 15 Okutobala pamakhalira: magalimoto a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndondondo mumsewu wopita ku Monkey Bay, zipinda zonse zodzaza. Amene ankaimba anali mayi oyang'anira loji ina chakufupi ndi Makawa, ndipo mawu awo ankamveka otopa.

"Achimwene, sabata yathayi tachita manyazi. Mlendo akafuna kulipira ndi khadi, makina akungozungulira. Eni malo akaimba pa WhatsApp kuchokera kunja, mawu akungoduka. Tabwerani mudzationere."

Lojiyi ili ndi zipinda 14, ofesi yolandirira alendo ndi bala. Intaneti imabwera pa wailesi ya 5 GHz. Mbale yake ili pamlongoti kuseri kwa khitchini, yoloza ku mlongoti wa kampani yowagulitsa intaneti, mtunda wa makilomita pafupifupi 6 motsatira gombe. Kuchokera pambalepo kebulo ya mamita pafupifupi 40 imatsika kukalowa muofesi pa rauta ya MikroTik, kabokosi kogawa intaneti. Nthawi imeneyo ankalipira liwiro la 20 Mbps (mamegabiti 20 pa sekondi) yolandirira ndi 5 Mbps yotumizira. Pulogalamu imene amalembamo alendo ndi zipinda ili pa seva, kompyuta yosungira zonsezi, ku London. Mu Ogasiti anali ataika makamera 8 amene amatumiza zithunzi zake pa intaneti kuti eni malo aziona ali kutali. Zida zonsezi anaika ndi ena, ine ndinangozipeza, koma ndinali nditazisamalira pafupifupi chaka.

Tsiku loyambalo ndinalakwitsa, ndipo ndikufotokoza mmene ndinalakwitsira chifukwa ndi msampha umene ambiri a ife timagweramo. Ndinafika cha m'ma 11 koloko m'mawa, alendo atapita kale. Speedtest, pulogalamu yoyeza liwiro la intaneti, inaonetsa 19 Mbps ndi kuchedwa kwa mamilisekondi 20. Ping (uthenga woyesera umene timatumiza kuti upite n'kubwerera) yopita ku rauta yoyamba ya kampani inkabwerera pa mamilisekondi 4, ndipo pa mapaketi 100, tizidutswa timene uthenga umayendamo pa intaneti, sipanasowe ngakhale imodzi. Nditayang'ana galafu ya pa rauta ndinaona kuti madzulo alionse mzere wolandirira umakwera. Ndinangoti basi, msewu wachepa, ndipo ndinawalangiza mayiwo kuti awonjezere. Anakwera kufika pa 40 Mbps. Mbali yotumizira inakhalabe pa 5 Mbps, ndipo ine galafu ya mbali imeneyo sindinaitsegule n'komwe.

Patapita masabata awiri anaimbanso. "Ndalama tawonjezera monga munanenera, koma madzulo zikadali zomwe zija." Ulendo uno ndinatenga mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, ndipo tinapempha pogona. Matenda a madzulo sungawaone masana.

Tisanayambe ndinamufotokozera mnyamatayo mawu awiri amene timawasakaniza kawirikawiri. Latency ndi nthawi imene paketi imatenga paulendo, ndipo ping imayeza ulendo wopita ndi wobwerera pamodzi. Packet loss ndi mapaketi amene ananyamuka koma sanafike. Ndinamuuza kuti aganize za pa mjigo. Ndowa zikandanda, aliyense amadikira nthawi yaitali, koma madzi ake amatunga ndithu. Malo oimikapo ndowa akatha, wobwera m'mbuyo amabwerera chimanjamanja. Ameneyo wabwezedwa ndi mzere. Koma palinso wina amene anafika pamjigo popanda munthu, watunga msanga, n'kukafika kunyumba madzi ataperewera chifukwa ndowa yake ndi yobooka. Onsewo madzi alibe, koma mankhwala ake ndi osiyana. Nthawi imene ndinkanena zimenezi sindinkadziwa kuti palojipo tipeza onse awiri.

Tinayamba ping cha m'ma 3 koloko masana, paketi imodzi pa sekondi iliyonse, zotsatira zake zikulembedwa mufayilo pamodzi ndi nthawi. Kwa maola awiri ndi theka inangokhala pa mamilisekondi 4 kapena 5. Dzuwa litapendeka, alendo akubwera kuchokera kunyanja, manambala anayamba kukwera: 80, kenako 300, kenako 900. Pofika 6 koloko anali pa 1,600, ndipo apo anaima ngati agunda denga. Ndi pamenepo pomwe mapaketi anayamba kusowa, asanu mpaka asanu ndi atatu pa 100 alionse.

Ndondomeko imeneyi ndiyo inatiuza zonse. Kuchedwa kunayamba, kutayika kunabwera pambuyo, ndipo kunabwera pokhapokha kuchedwa kutafika padenga. Chimenecho ndi chizindikiro cha mzere wodzaza. Denga lija limawerengekanso: 5 Mbps kuchulukitsa ndi masekondi 1.6 ndi mamegabiti 8, kapena kuti megabaiti imodzi. Penapake panjira yotumizira panali malo odikirirapo mapaketi okwana megabaiti imodzi, ndipo madzulo alionse ankadzaza. Pa Torch ya MikroTik, chida choonetsa zimene zikudutsa pa rauta, tinaona owadzaza. Makamera amatumiza akaona chinthu chikuyenda, ndipo madzulo pabala anthu sasiya kuyenda. Mafoni a alendo nawo akangogwira Wi-Fi amayamba okha kukweza zithunzi ndi mavidiyo a tsiku lonse ku Google Photos ndi iCloud, mwini foni osadziwa.

Mnyamata uja anafunsa funso labwino. "Akulu, ngati yadzaza ndi mbali yotumizira, n'chifukwa chiyani kutsegula tsamba kukuvutanso? Kumeneko si kulandira?" Yankho lake ndi lakuti palibe kulandira kopanda kutumiza. Pa TCP, malamulo amene makompyuta amatsata potumizirana mapaketi, wolandira amayenera kumabweza timauthenga tovomereza, ma ACK, kuti wotumiza apitirize. Timauthenga timeneti tinkaima pamzere womwewo kumbuyo kwa mavidiyo a makamera. Makina a khadi ndiwo ankavutika kwambiri. Asanatumize chilichonse amafunika ulendo umodzi wopita n'kubwera wa TCP, wina umodzi kapena iwiri wa TLS yoteteza chinsinsi cha uthenga, kenako pempho lenilenilo. Maulendo anayi pa mamilisekondi 200 sakwana sekondi imodzi. Maulendo anayi omwewo pa 1,800 ndi masekondi 7, ndipo paketi yoyamba ikatayika kompyuta imadikira sekondi yathunthu isanayesenso. Kunena za mawu, malangizo a ITU, bungwe loona za matelefoni padziko lonse, otchedwa G.114 amati kukambirana kumayenda bwino ngati kuchedwa kwa mbali imodzi sikupitirira mamilisekondi 150. Ife tinali kutali nawo.

Vuto limeneli lili ndi dzina, bufferbloat, limene Jim Gettys analitchukitsa mu 2010. Opanga zida amaika malo akuluakulu odikirirapo poopa kutaya mapaketi. Koma TCP imadziwa kuti msewu wadzaza ikaona paketi itatayika. Ukaibisira chizindikiro chimenecho imangowonjezera kutumiza mpaka malo aja atadzaza, ndiye onse amadikira masekondi awiri, kenako mapaketi n'kutayikabe.

Chimene tinachita usiku womwewo ndi kusamutsa mzere. Unali mu wailesi, mmene sitikanatha kuulamulira, ndiye tinaukokera pa rauta yathu pochepetsa dala liwiro lotumizira kufika pa 4.5 Mbps, pansi pang'ono pa zimene wailesi imatha. Pamzere watsopanowo tinaika fq_codel, njira yoyendetsera mzere imene ilipo mu RouterOS 7, pulogalamu ya m'marauta a MikroTik. Njira imeneyi inachokera pa CoDel ya Kathleen Nichols ndi Van Jacobson ya mu 2012. Imagawa mapaketi m'mizere ing'onoing'ono, kulumikizana kulikonse mzere wake, kotero kuti paketi ya mawu siima kumbuyo kwa vidiyo. Ikaona kuti mzere wina wakhala ukudikiritsa kupitirira mamilisekondi 5 kwa nthawi yokwana mamilisekondi 100, imataya paketi mumzere umenewo kuti wotumizayo achepetse. Makamera tinawachepetsera ukulu wa zithunzi. Pasanathe mphindi ping inatsika kuchoka pa 1,600 kufika pansi pa 20, makamera ndi mafoni akutumizabe. Mayi aja anaimbira eni malo pomwepo, ndipo anacheza mphindi khumi osaduka.

Mnyamata uja anali akuyang'anabe pa sikirini. "Akulu, taonani apa. Mapaketi akutayikabe, nambala ikungokwera." Ankaloza kauntala ya mapaketi amene fq_codel ikutaya. Ndinamuuza kuti amenewo tikutaya tokha, mwadala, ndipo ndi amene agula bata limene akuliona pa ping. Mfundo imeneyi imavuta kuilandira kwa munthu amene anaphunzitsidwa kuti paketi iliyonse yotayika ndi tsoka. Ineyo inanditengera zaka.

Tinagona tikuganiza kuti tamaliza.

M'mawa mwake cha m'ma 6 koloko, alendo ali m'tulo, chemwali wa paofesi yolandirira alendo anandiitana. "Bambo, za foni zija zatheka, zikomo. Koma pulogalamu yathuyi ikadali yaulesi, ndipo yakhala chonchi miyezi ingapo, m'mawa ngakhale usiku." Anandionetsa. Lipoti la mwezi, fayilo ya mamegabaiti ochepa, linkatsika ngati dontho la pampopi wotha, pa liwiro losakwana 1 Mbps. Nthawi yomweyo Speedtest inkaonetsa 38 Mbps, YouTube inkasewera bwinobwino, ping yaing'ono inali pa 4 popanda chosowa. Mzere kunalibe. Dandaulo limeneli linali litakwiririka pansi pa la madzulo lija.

Apa ndinapunthwanso. Ndinayendetsa mtr, pulogalamu yoyesa rauta iliyonse ya panjira, kupita ku seva ya ku London ndipo pa rauta yachisanu panjirapo panaoneka kutayika kwa 40 peresenti. Ndinajambula n'kutumiza kwa injiniya wa kampani ija, ndikuti vuto lili kwa iwo. Anandiyankha mwaulemu kuti ndiyang'ane mizere ya pansi pake. Ma rauta onse otsatira, mpaka seva yeniyeniyo, ankaonetsa ziro. Ananena zoona. Ma rauta akuluakulu amayankha mauthenga oyesera a ICMP, monga a ping ndi mtr, opita kwa iwo eni akapeza mpata, ndipo ambiri amaikidwa malire a mayankho amenewo, pamene mapaketi ongodutsa amawapititsa onse. Kutayika kumene kwaoneka pakati koma osapitirira mpaka kumapeto si kutayika. Ndikupempha anzanga kuti tisamafulumire kuloza chala ndi chithunzi cha mtr, chifukwa tsiku limene vuto lidzakhaladi kwa iwo adzakhala atasiya kutimvera.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope, n'kudzifunsa funso limodzi: n'chiyani chingalepheretse seva yakutali yokha, n'kusiya yapafupi ikuthamanga? Ndinakumbukira masamu amene Matthew Mathis ndi anzake anafalitsa mu 1997. Amati liwiro la kulumikizana kumodzi kwa TCP silingapose kukula kwa paketi kugawa ndi nthawi yopita n'kubwera, kuchulukitsa ndi 1.22, kugawanso ndi square root ya gawo la mapaketi otayika. Paketi yodzaza imanyamula mabaiti 1,460, amene ndi mabiti 11,680. Ndinayesa kutayika kwa paketi imodzi pa 100. Pa seva ya mamilisekondi 20 yankho linabwera 7 Mbps. Pa seva ya mamilisekondi 200 linabwera 0.7 Mbps. Nambala yachiwiriyi ndi imene chemwali uja anali atangondionetsa.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimva ngakhale popanda masamu. Paketi ikatayika TCP imadula liwiro, kenako imakwera pang'onopang'ono, sitepe imodzi pa ulendo uliwonse wopita n'kubwera. Seva ikakhala pafupi masitepe amenewo amachitika 50 pa sekondi, ndiye bala limapola msanga. Ikakhala ku London amachitika 5 okha pa sekondi, ndipo isanachire paketi ina yatayikanso. Kutayika n'kofanana, koma mtunda umakukulitsa kakhumi. Speedtest inabisa zimenezi chifukwa imasankha seva yapafupi ndipo imatsegula njira zingapo nthawi imodzi n'kuphatikiza zotsatira. Masamu a Mathis analembedwa poganizira TCP yakale, koma TCP yatsopano yotchedwa CUBIC imene makompyuta ambiri amagwiritsa ntchito lero imachita pafupifupi chimodzimodzi kutayika kukafika pa mlingo umenewu. YouTube inkapulumuka chifukwa Google imagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa BBR, imene siidula liwiro pa paketi iliyonse yotayika.

Tsono masamu ankati pali kutayika kwa 1 peresenti, ping inkati palibe. Mmodzi ankanama. Ndinazindikira kuti ping yathu inali yaing'ono kwambiri. Pa Linux imanyamula mabaiti 56 okha, pa Windows 32. Ngati chikuwononga mapaketi ndi phokoso la pawaya, limene limasokoneza biti imodzi apa ndi apo, paketi yaitali ndiyo imagundidwa kawirikawiri, monga mmene ukonde waukulu umakolera zinyalala zambiri kuposa kaukonde kakang'ono. Komanso mapaketi 100 ndi ochepa kwambiri pofufuza chinthu chochitika kamodzi pa 100.

Tinagonanso usiku wachiwiri. M'bandakucha, adhana ikumveka kumzikiti wa m'mudzi woyandikana nawo, palojipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ali pa intaneti, tinatumiza mapaketi 1,000 aang'ono ku rauta ya kampani. Inasowa imodzi. Tinatumiza 1,000 a mabaiti 1,400. Anasowa 11. Nthawi ya onse amene anabwerera inali pakati pa mamilisekondi 4 ndi 6, yosagwedezeka. Iyi inali ndowa yobooka ija: kutayika kopanda kuchedwa kulikonse.

Maganizo anga oyamba anapita pa wailesi. Njira yake imadutsa pamwamba pa madzi mbali ina, ndipo madzi abata amabweza mafunde a wailesi n'kusokoneza. Koma mphamvu ya siginolo inali yabwino, pa -58 dBm, usiku wonse. Chinanso, mawailesi amenewa paketi ikawonongeka mumlengalenga amaitumizanso okha. Vuto la mumlengalenga limayamba kuonekera ngati nthawi yodumphadumpha, paketi ina 4, ina 30, ina 12, kutayika kusanayambe. Ife nthawi yathu inali yosalala. Malo amene paketi ingafe mwakachetechete, popanda woidikiritsa kapena woibwereza, ndi pa Ethernet, kutanthauza m'kebulo: paketi ikafika yowonongeka imangotayidwa basi. Tinatumiza mapaketi akuluakulu omwewo ku wailesi yathu ya pamlongoti, osatulukanso kunja kwa loji. Anasowa 10 pa 1,000. Pa doko la rauta pamene kebulo ya wailesi imalowa, kauntala ya FCS error, yowerenga mapaketi ofika owonongeka, inali ndi manambala masauzande ambiri, ndipo inkakwera tikuiona. Chaka chonse ndinali ndisanaitsegule.

A mlonda, bambo achikulire amene ankationerera ntchito yonseyi ali pampando wawo, ndiwo anamalizitsa. "Ana anga, ngati mukufuna chingwe chokwera mumtengo wachitsulowo, apusi amachita nacho katungwe m'mawa uliwonse. Ndipo chiyambireni mvula yoyamba ija, chemwali wa muofesi akudandaula kwambiri kuposa kale." Kutacha mnyamata uja anakwera atamanga lamba. Kebulo inali ya m'nyumba, yosayenera kukhala padzuwa. Khungu lake linali litauma n'kung'ambika malo atatu, ndipo pamutu wolowa mu wailesi mawaya anali atachita dzimbiri lobiriwira. Atapendeketsa, munatuluka madzi.

Tinaika kebulo yapanja yokhala ndi chotchinga, tinaimangirira kumlongoti pa theka la mita lililonse kuti pasakhale polendewera, ndipo pansi pa wailesi tinasiya kakhota kolozetsa pansi kuti madzi azidontha asanafike pamutu. Tinafufuta kauntala n'kuyesanso: mapaketi akuluakulu 5,000, osasowa ngakhale imodzi. Lipoti la mwezi lija linatsika m'masekondi ochepa.

Ping ya ku London inakhalabe pa mamilisekondi pafupifupi 200, ndipo mayi aja atafunsa ngati imeneyonso ingatsike ndinawauza kuti ayi. Kuwala mu fibre kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, kutanthauza milisekondi imodzi yopita n'kubwera pa makilomita 100 alionse. Kuchokera kuno kukafika ku London ndi makilomita oposa 8,000 ukaongola ngati mbalame, ndipo mawaya saongola. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho mapaketi athu amayamba adutsa ku Mozambique kapena ku Tanzania kukapeza makebulo apansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy, kenako n'kuzungulira Africa. Mtunda umenewo sitingauchotse. N'chifukwa chake ife kuno kutayika kwakung'ono kumatipweteka kuposa mnzathu wogwira ntchito yomweyi ku Ulaya, amene seva zake zili pakhomo. Kebulo imene kwa iye ikanangokhala yokayikitsa, kwa ife inapha pulogalamu yonse.

Ndinawauzanso mayiwo poyera kuti malangizo anga oyamba aja anali olakwika, ndipo kuti 40 Mbps sinkafunika. Anabwerera pa 20, ndipo ndalama ya ulendo woyamba uja sindinawalipiritse. Pa rauta ndinasiya kapulogalamu kotumiza mapaketi aang'ono ndi akuluakulu nthawi zonse, n'kumalemba kuchedwa ndi kutayika pagalafu imodzi, kuti ndiziona chimene chayamba ndi chimene chatsatira.

Pa Khirisimasi loji inadzazanso. Madzulo otanganidwa kwambiri ping sinapitirire mamilisekondi 25, ndipo kauntala ya FCS inakhala pa ziro. Mu Januwale galafu inaonetsa chinthu china: masiku awiri a mvula yamkuntho kuchedwa kunakwera kufika pa 400 kwa mphindi zingapo, popanda paketi yotayika. Mphepo inkagwedeza mlongoti, wailesi n'kutsitsa liwiro lake pansi pa 4.5 Mbps yathu ija, ndiye mzere unkabwerera mu wailesi mmene fq_codel siifika. Ndinatsitsa malire kufika pa 4 Mbps kuti tidutse dzinja. Mawaya okoka mlongotiwo ndi olefuka mbali ya kumwera, ndipo tagwirizana ndi mayi aja kuti tiwasinthe mu Meyi, mwera usanayambe kuomba.